Atate inu, musaputa ana anu: kalata ya abusa kwa mpingo

Kwa akulu a mpingo, atumiki, alangizi, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi akhristu onse a m'milaga yathu muno mu Lilongwe,

Chisomo kwa inu ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi kwa Ambuye Yesu Khristu.

Kalatayi iwerengedwe m'mapemphero onse a Lamulungu lino, ndipo atsogoleri a milaga akaiwerengenso mkati mwa sabata kuti alonda, anamwino, madalaivala ndi ena amene amagwira ntchito Lamulungu aimve nawonso. Abambo, musatuluke panja ikamawerengedwa. Mbali yaikulu ndi yanu.

Zotsatira za mayeso a MSCE zitatuluka, mnyamata wina wa mumpingo muno anachoka pakhomo pa makolo ake usiku osatsanzika. Abale ndi achinyamata anzake anamufunafuna kuchipatala, kupolisi, kwa anzake a kusukulu, mpaka anakamupeza ku depoti ya mabasi ku Old Town akugona pakhonde la sitolo, milomo itauma ndi njala. Ali moyo ndipo ali kwawo, Mulungu alemekezeke. Dzina lake sinditchula. Inu amene mukulidziwa, lithere m'kamwa mwanu, ndipo ndikadzamva kuti nkhaniyi yafika pa gulu la WhatsApp la mlaga, woitumizayo adzaonekera pamaso pa akulu a mpingo.

Akulu atakhala naye pansi n'kumufunsa chimene chinamuchotsa panyumba, sanatchule mayeso. Kulepherako anali atakuvomereza kale mumtima mwake. Chimene chinamukanika kusenza ndi mawu amene anauzidwa madzulo a tsikulo, pa nsima, azing'ono ake akumva. Mawuwo sindiwalemba pano, koma si achilendo. Ofanana nawo akumveka m'nyumba zathu zambiri, ndipo m'nyumba za mdadada zimene timachita lendizi aneba amamva zonse. "Bola ndikanaweta nkhumba, bwenzi pano ndikudya nyama." "Iwe sudzakhala kanthu." "Longedza uzipita kumudzi ukalime." "Umbuliwu unatengera kwa amayi ako." "Ndidziwa bwanji kuti ndiwe mwana wanga?" Olankhula zimenezi ndi anthu obatizidwa, odya mgonero, ena oimba kwaya, ena okhala mipando ya kutsogolo kuno.

Nkhaniyi itatchulidwa pa msonkhano wa akulu a mpingo wa mwezi uno, zinaoneka kuti si ya khomo limodzi. Wina ananena za mtsikana wa kumlaga kwake amene wasiya kulankhula ndi aliyense m'nyumba. Wina za mayi wa khanda amene amangolira osadziwa chomwe akulirira. Wina za bambo amene chipumireni pa ntchito satuluka m'chipinda, ndipo akatuluka ana onse amabalalika. Tinagwirizana kuti ndikulembereni.

Chimene ndikukudzudzulani nacho ndi chimodzi. Zowawa za mumtima mwanu simuzinena. Mumazisunga, kenako mumakazikhuthulira pa ana ndi pa akazi anu mwaukali, n'kumati mukuwapatsa mwambo.

"Atate inu, musaputa ana anu, kuti angataye mtima." (Akolose 3:21)

Sindikulemba ngati munthu wosadziwa mmene zinthu zilili kunjaku. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma malipiro a ambiri a inu sanakwere motero. Chimanga, sopo, mafuta ophikira, makala, lendi, minibasi yopita m'tauni, zonse zinakwera. Inu amene mumagwira ntchito ya nyengo m'makampani a fodya ku Kanengo mukudziwa kutalika kwa miyezi imene imatsatira msika ukatsekedwa. Inu a kaunjika ku Tsoka, inu a tomato ndi mbatata ku Wakawaka, inu a kabaza, mumalidziwa tsiku limene munthu amaweruka ndi ndalama yokwerera basi yokha. Ena mwalowa katapila kuti mubweze ngongole ina, ndipo mayi a kunyumba sakudziwa. Ena mwayamba kubetcha mpira pa foni poganiza kuti mubweza zimene zinapita, ndipo zikupitirirabe kupita.

Bambo woteroyo akamatsika minibasi pa siteji madzulo, chimene chadzaza mumtima mwake si mkwiyo ayi. Ndi mantha, poti mwezi ukutha ndipo alandilodi afika. Ndi manyazi, poti anzake amene anayamba nawo ntchito anamanga nyumba ku Area 49 iye akadali pa lendi. Mwinanso ndi chisoni cha mayi ake amene anawaika m'manda osagwetsa msozi, chifukwa ndiye ankathamangira bokosi, galimoto ndi ufa wa pamaliro. Koma chiyambire ubwana wake anauzidwa kuti mwamuna salira, mwamuna sadandaula. Mantha sangawanene, manyazi sangawanene, chisoni sangachinene. Chimene anamulola n'kukalipa basi. Abwana a kuntchito sangawakalipire, angamuchotse. Wa katapila sangamukalipire, angamulande wailesi ndi matiresi. Ndiye amafika pakhomo n'kupeza mwana waswa kapu, kapena wataya K500 ya chenji, kapena wabwera ndi lipoti la kusukulu losasangalatsa. Inu a ku Mtandire ndi ku Kawale mukudziwa chimene chimachitika mvula yoyamba ikagwa ngalande zili zotsekeka ndi zinyalala: madzi sabwerera kumwamba, amakalowa m'nyumba ya amene ali kumunsi. M'banja, amene ali kumunsi ndi mwana.

"Pamene ndinakhala chete mafupa anga anakalamba ndi kubuula kwanga tsiku lonse." (Salimo 32:3)

Kodi zoti mwamuna salira munazitenga m'buku liti? Davide, yemwe uja anagwetsa Goliati, anakwera kuchipinda akufuula, "Mwana wanga Abisalomu, mwana wanga, mwana wanga Abisalomu!" Yosefe, nduna yaikulu, analira mokweza mpaka a m'nyumba ya Farao anamva. Petro anatuluka kunja nalira ndi kuwawa mtima. "Yesu analira." (Yohane 11:35) Inu ndinu amuna oposa amenewa?

Ndikudziwa kuti ena mwatsegula kale Miyambo 13:24, ndime ija yonena kuti wolekerera mwana wake osamulanga amuda, kuti mundiyankhe nayo. Ndimeyo ndimaidziwa, ndipo sindikunena kuti ana asalangidwe. Wakuba alangidwe, wonama alangidwe, wobwera pakati pa usiku akununkha mowa alangidwe. Koma tadzifunsani funso ili, aliyense mumtima mwake. Tsiku limene munalandira malipiro, mwana yemweyo atalakwa chimodzimodzi, munamulanga mofanana? Kapu yosweka pa 28 mwezi ndalama zitalowa ndi kapu yosweka pa 19 m'thumba muli mbee, chilango chake chinali chimodzi? Ngati kukula kwa chilango kukutsatira zimene zili m'thumba mwanu osati kukula kwa cholakwa, chimenecho si chilango. Mwanayo akulipira ngongole imene sanatenge. Ndipo ana si opusa. Amadziwa kuwerenga mapazi anu mukamalowa pa geti, amadziwa tsiku loti azimitse wailesi n'kukagona msanga. Mwana wa zaka 6 amene waphunzira kuyang'ana kaye nkhope ya bambo ake asanaseke, mwamusenzetsa kale katundu wa munthu wamkulu.

"Pakuti mkwiyo wa munthu suchita chilungamo cha Mulungu." (Yakobo 1:20)

Ena mumati, ifenso makolo athu ankatikalipira chonchi, koma tinakula bwinobwino. Munakula, inde, koma tamverani mmene mukulankhulira ndi ana anu, muone ngati mawu aja anatheradi. Komanso kumbukirani kumene munakulira. Ku Dowa, ku Ntchisi, ku Mchinji, ku Dedza, mwana akakalipiridwa ankathawira kukuka kwa agogo, kumene ankamukazingira chimanga n'kumuuza kuti bambo akowo ndi mmene alili, pofika mawa aiwala. Mnyamata anali ndi anzake kumphala. Anali ndi malume ake, eni mbumba, amene ankatha kuitana bamboyo pambali n'kumuuza kuti akamwini, apa mwaonjeza. Mawu owawa ankalankhulidwa ndithu, koma mwana sankagona nawo yekha.

Lilongwe wakhala likulu la dziko kuyambira 1975, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 989,000 mumzinda muno. Ambiri a ife tinachita kubwera, mbumba tinaisiya kumudzi. Mwana wa ku Area 25, ku Area 23 kapena ku Chinsapo malume ake ali ku Kasungu, agogo ake ali kumudzi kapena anatsogola, ankhoswe a makolo ake amawaona pa ukwati ndi pa maliro. Akatukwanidwa amalowa kuchipinda ndi foni, ndipo omulandira kumeneko ndi anthu a pa Facebook ndi TikTok amene sakumudziwa. Ngati si kumeneko, ndi anyamata a pa shabini amene amamupatsa chamba kuti aiwale. Ntchito ya agogo ndi ya malume yatsalira ife mpingo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukamva kukhoma linalo mwana akutukwanidwa usiku ndi usiku, inu n'kumangokweza wailesi, mlanduwo ukukukhudzani.

Za mayesowo ndinenepo pang'ono, chifukwa makolo ambiri mumangomva kuti walephera osafunsa kuti walephera chiyani. Mwana akhoza kuchita bwino m'maphunziro ena onse, koma Chingerezi chokha chikamugwetsa satifiketi ya MSCE sapatsidwa. Ameneyo si chitsiru. MANEB imalola munthu kulembanso, ndipo mumpingo muno muli anthu a maudindo awo amene anakhoza kachiwiri kapena kachitatu. Malo a m'mayunivesite a boma a LUANAR, UNIMA, MUBAS, KUHeS, MUST ndi Mzuzu University ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza, moti ngakhale wokhoza bwino amatha kutsala. Njiranso si ya yunivesite yokha. Ku Lilongwe Technical College ndi ku Namitete amaphunzitsa ntchito za manja zimene zikudyetsa mabanja, ndipo mabenchi mwakhalirawa anapanga ndi akalipentala a ku Mchesi amene akulera ana awo ndi ntchito imeneyo. Ndalama zimene munalipira kusukulu zinakupwetekani, ndikumvetsa. Nenani chomwecho: mwana wanga, zandiwawa, ndinavutika kupeza ndalama zija. Amenewo ndi mawu oona, mwana akhoza kuwasenza. Koma kumuuza kuti nkhumba ikanakhala bwino kuposa iye ndi temberero, ndipo mwalinena pa munthu wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu.

Amayi, zimenezi si za abambo okha. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ana adzakuvekani zitenje ndipo n'zoyenera, chifukwa mumasenza zambiri zimene sitiziona. Koma mayi wokhumudwa ndi mwamuna wake nthawi zambiri amabwezera pa mwana amene amafanana ndi bamboyo nkhope. Kapena pa mwana womupeza. Kapena pa wamasiye wa achemwali ake amene anamutenga pamaliro abale onse akuona, yemwe lero amadya pomaliza, amadzuka poyamba, ndipo sabata sipita osakumbutsidwa kuti muno si mwa amayi ako. Kapena pa mtsikana wantchito, mwana wa eni ake wochokera kumudzi, amene alibe wina womuuza. Ana amenewa amabwera ku Sande sukulu, timawaona, amadziwika ndi kakhalidwe kawo ka kumbuyo. Yehova ndi atate wa ana amasiye, ndipo adzafunsa. Palinso amayi amene sakalipa, koma amamukhazika mwana wawo wamkulu wamkazi pansi n'kumamuuza zonse za bambo ake, za chibwenzi, za ndalama, za kuchipinda. Mtsikana wa Fomu 2 si nkhoswe yanu. Nkhani zimenezo pitani nazo kwa amayi anzanu okhwima m'Chigwirizano kapena kwa amayi busa.

Alangizi ndi ankhoswe, mawu oti banja ndi kupirira mwawagwiritsa ntchito mopyola. Kupirira umphawi, matenda ndi kusiyana maganizo, inde. Koma mayi akabwera ndi diso lotupa, kapena mwana ali ndi zipsera za waya kumsana, musamubweze ndi mawu amenewo. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mpingo uno sudzabisa munthu womenya mkazi kapena wovulaza mwana, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndi amene amapereka kwambiri pa chitukuko.

Mukaonetsetsa, ukali umenewu umakula pamene moyo wa banja ukusintha. Khanda likabadwa, tonse timathamangira mwana ndi mphatso, mayi osamufunsa. Pali amayi amene akachira amagwidwa ndi chisoni chachikulu, osagona, osafuna kudya, ena mpaka kuopa kumugwira mwana wawo yemwe. Si ulesi, si ufiti, si kusayamika. Ndi matenda odziwika, ndipo kusikelo anamwino akauzidwa amathandiza. Abambo, nthawi imeneyo si yowerengera mkazi wanu kuti nsima yachedwa.

Kupuma pa ntchito ndiye kumene kwatigwetsera abambo ambiri, ndipo sitikukambako. Wa m'boma amapuma akafika zaka 60. Munthu amene kwa zaka 30 ankadzuka m'mamawa kupita ku Capital Hill, foni ikulira tsiku lonse, achinyamata akumuimirira akalowa mu ofesi, amadzuka Lolemba lina n'kupeza kuti palibe amene akumufuna. Nyumba ya kuntchito ayenera kutulukamo. Ndalama za penshoni zikachedwa amayamba kupempha kwa ana amene dzulo ankawalipirira sukulu. Zobwerera kumudzi amaziopa, poti anachokako ali mnyamata ndipo kumeneko akamuona ngati mlendo wobwera kudzalanda munda. Ndiye amayamba kuwerenga masupuni a shuga m'khitchini, kulimbana ndi mayi pa nkhani ya mchere, kukalipira zidzukulu chifukwa cha phokoso. A m'nyumba amati agogo avuta masiku ano. Agogowo ali pa maliro a moyo wawo wakale, ndipo palibe amene wabwera kudzawapepesa. Abambo anga opuma pa ntchito, mpingo ukukufunani. Tili ndi ana olephera masamu, inu munali aphunzitsi ndi owerengera ndalama za boma. Tili ndi mabanja ang'onoang'ono opanda ankhoswe pafupi. Tulukani m'chipindamo. Ndipo inu ana awo, muziwafunsa nzeru, osangowatumizira ndalama pa foni.

"Musanditaye mu ukalamba wanga, musandisiye, pakutha mphamvu yanga." (Salimo 71:9)

Chimodzimodzi makolo amene ana anu anapita ku Johannesburg kapena ku minda ya ku Israel, nyumba yangoti zii, foni ikalira usiku mtima umadumpha. Chimodzimodzi amasiye. Timadzaza pa siwa, timaimba usiku wonse, timati limbani mtima, ndipo pakatha sabata tonse tabalalika, pomwe chisoni chenicheni chikungoyamba kumene. Pamenepo m'pamene mayi wamasiye amayamba kukalipira ana popanda chifukwa, ndiponso m'pamene abale a mwamuna amabwera kudzaona za nyumba ndi galimoto. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011, ndipo mkhristu wa mpingo uno akachita zimenezo adzaimitsidwa pa mgonero. Milaga iziyendera amasiye pakatha mwezi, pakatha miyezi itatu, ndi pa tsiku lokumbukira imfayo.

"Kondwani nao iwo akukondwera, lirani nao akulira." (Aroma 12:15)

Tsono chimene ndikupempha m'nyumba zanu si chovuta kumva, n'chovuta kuchita. Bambo, mukafika pakhomo mtima uli pamwamba, musayambe ndi milandu ya ana. Khalani kaye pansi, sambani, idyani. Mlandu wa mwana sungawole pofika m'mawa. Ana akagona, auzeni mayi a kunyumba chimene chikukudyani, mosazungulira: ndili ndi ngongole yakuti, kontirakiti ikutha mwezi wa mawa, ndikuopa. Ambiri mumaganiza kuti mkazi wanu akadziwa adzakupeputsani. Akudziwa kale kuti china chake chalakwika, ndipo poti simunena, akuganiza kuti muli ndi mkazi wina. Amayi, mwamuna akatsegula pakamwa kunena zotere, musamuyankhe ndi mndandanda wa zolakwa zake za chaka chatha, ndipo musakazinene pa mjigo kapena pa banki m'khonde. Akachita manyazi kamodzi sadzanenanso.

"Mayankhidwe ofatsa abweza mkwiyo; koma mau owawitsa aputa msunamo." (Miyambo 15:1)

Ndipo ngati munanena kale mawu otemberera pa mwana wanu, pitani mukamupepese. Ndikudziwa kuti apa ambiri mwagwedeza mutu, mukuti wamkulu sapepesa kwa mwana. Kumugulira nsapato kapena mayunitsi a foni si kupepesa. Kumuitana kuti adzaonere nanu mpira ngati palibe chinachitika si kupepesa. Muitaneni ndi dzina lake, mukhale naye pansi awiri, munene kuti mawu aja ndinalakwa, sunayenere kuwamva, ndiwe mwana wanga. Ulemu wanu sutha chifukwa cha zimenezo. Mgonero ukubwera mwezi wa mawa, ndipo Ambuye anati ukakumbukira kuti mbale wako ali nako kanthu, usiye mtulo wako patsogolo pa guwa, uyambe wakayanjana naye. Mwana wanu ndi mbale wanu mwa Khristu. Musabwere ku gome la Ambuye musanachite zimenezi.

"Kwiyani, koma musachimwe, dzuwa lisalowe muli chikwiyire." (Aefeso 4:26)

Pali chisoni china chimene sichitha ndi kucheza kokha. Apolisi akhala akulengeza chaka ndi chaka za anthu odzipha m'dziko muno, ndipo ochuluka mwa iwo ndi amuna. Munthu akasiya kugona, akasiya kudya, akasiya kusamba ndi kucheza kwa masabata, akayamba kugawa katundu wake, kapena kulankhula mawu ngati akuti mudzatsala bwino ine kulibe, musaseke ndipo musamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzichotsera moyo. Kufunsako sikumupatsa maganizowo, kumamutsegula pakamwa. Musamusiye yekha, chotsani pafupi mankhwala a mbewu ndi ena oopsa, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Area 43 kuli St John of God, kumene kuli madokotala ndi aphungu a matenda a maganizo, ndipo ku Kamuzu Central Hospital kapena chipatala chilichonse chapafupi akhoza kukuuzani koyenera kupita. Tidzamupempherera, ndithu, koma tidzapempherera ali m'manja mwa achipatala, monga timachitira ndi wodwala shuga kapena BP. Eliya atagona pansi pa mtengo n'kupempha kuti afe, mngelo anamukhudza nati, "Tauka, idya."

Kwa inu ana anga, achinyamata, mawu ndi ochepa. Lemekezani atate anu ndi amayi anu, lamulo limenelo silinasinthe. Makolo anu akusenza zinthu zimene simukuziona. Koma mawu oipa amene munauzidwa mu ukali si chiweruzo cha Mulungu pa moyo wanu. Zikafika povuta musathawire ku depoti kapena kwa chibwenzi. Bwerani kunyumba ya abusa, nthawi iliyonse, usiku ngakhale, kapena pitani kwa mkulu wa mpingo wa kumlaga kwanu. Ngati mukuchitidwa nkhanza ndipo mukuopa kuuza munthu wodziwika, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

"Yehova ali pafupi ndi iwo a mtima wosweka." (Salimo 34:18)

Akulu a mpingo agwirizana izi. Loweruka likudzali nthawi ya 2 koloko masana, abambo onse, okwatira ndi osakwatira, tikumane m'tchalitchi muno patokha. Sipadzakhala kwaya, sipadzakhala mlendo wolemekezeka, ndipo mafoni tidzawasiya pakhomo. Mkulu aliyense abwere ndi abambo a kumlaga kwake, makamaka aja amene amangotumiza mayi ndi ana kutchalitchi. Amayi adzakumana Lachinayi pa nthawi yawo ya Chigwirizano, ndipo tapempha mayi wina wa mumpingo muno amene ndi namwino kuti adzalankhule za chisoni cha amayi ochira kumene. Ana onse amene sanakhoze MSCE, JCE kapena mayeso a Sitandade 8 alembetse mayina kwa mlembi wa mpingo pasanathe masabata awiri. Mayinawo sadzawerengedwa kutsogolo. Aphunzitsi opuma ndi ena odzipereka adzayamba kuwaphunzitsa Loweruka lililonse m'mawa m'chipinda cha Sande sukulu, kwaulere.

Chipinda chimenecho denga lake likudontha, ndipo mvula yayandikira. Pakufunika malata 40, misomali ndi matabwa, komanso ndalama zothandizira ana amasiye kulipira mayeso obwereza. Banja lililonse lipereke K5,000, amene Mulungu wakudalitsani onjezerani, ndipo amene simungathe musachite manyazi, bwerani ndi manja anu tsiku lokhoma. Perekani kwa msungichuma wa mlaga wanu kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba pa manambala amene ali pa bolodi la zidziwitso, ndipo muzitenga lisiti. Musakatenge katapila chifukwa cha chopereka chimenechi. Zonse zikhale zitafika pofika Lamulungu lomaliza la mwezi uno, kuti akalipentala ayambe sabata yotsatira.

Ine mbusa wanu mwa Khristu,
m'malo mwa akulu a mpingo onse.